Kuperekeza mkaidi kunja kwa mpanda: malangizo kwa asilikali a ndende atsopano

M'kati mwa ndende muli zambiri zokuthandizani: mpanda, geti, maloko ndi anzanu amene angathamange mukangoimba wenzulo. Mukatuluka pageti ndi mkaidi, zonsezo mwazisiya kumbuyo. Ndagwira ntchito ya usilikali wa ndende kuno kumpoto kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mkaidi sathawa chifukwa choti msilikali ndi wofooka thupi. Amathawa pa kanthu kakang'ono: pamene mwayankha foni, pamene mwamvera chisoni mayi amene akulira, pamene mwaima panja pa chimbudzi osayamba mwalowamo nokha. Kusukulu ya asilikali a ndende ku Mapanga munaphunzira malamulo ndi perete. Zimene ndikulemba pano ndi mmene malamulowo amagwirira ntchito m'misewu ya Mzuzu.

Yambani ndi pepala

Mkaidi satuluka ndi mawu apakamwa, ngakhale wolankhulayo akhale ndi nyota zingati paphewa. Pakhale chikalata: waranti ya khoti yomuitanitsa, kalata ya wachipatala wa pandende yomutumiza kuchipatala chachikulu, kapena chilolezo chomusamutsira kundende ina. Chiwerengeni nokha. Onani tsiku, siginecha ndi chidindo.

Kenako tsimikizani kuti munthu amene waima patsogolo panu ndi amene walembedwa papepalapo. Kuno kwathu izi si nkhani yosewera. Mukaitana kuti "Nyirenda" kapena "Gondwe", mutha kuona anthu anayi akuimirira m'selo imodzi, ena mpaka dzina loyamba lofanana. Funsani mayina onse, mudzi, mfumu, nambala yake ndi mlandu wake, mufananize ndi zimene zili mufayilo. Musamuwerengere dzina n'kumufunsa kuti "ndiwe?" Atchule yekha.

Musanaponde panja, lembani m'buku la pageti dzina lake, kumene mukupita, nthawi ndi mayina a operekeza, ndipo musayine. Akakhala apolisi amene abwera kudzatenga wa rimandi kupita naye kukhoti, asayine iwowo, ndipo inu muone chiphaso chawo ngakhale nkhope mukuidziwa.

Mudziweni munthuyo

Gawo ili ndi limene achinyamata amalidumpha, chikhalirecho ndi limene limakuuzani kuchuluka kwa asilikali ofunika ndiponso ngati unyolo ukufunika. Wotsala ndi miyezi iwiri kuti atuluke sali chimodzimodzi ndi amene akuyembekezera chigamulo pa mlandu wakupha. Woyambayo akathawa ataya zambiri, ndipo akudziwa. Wachiwiriyo mwina usiku wonse sanagone, akuwerenga zaka.

Onani mufayilo ngati anayesapo kuthawa, ngati ndi wandewu, ngati anayesapo kudzivulaza. Onaninso kwawo. Mnyamata wokulira ku Chibavi kapena ku Mchengautuba akudziwa njira zonse zachidule, madambo ndi nyumba zobisalamo. Akakhota kuseri kwa nyumba ziwiri basi mwamutaya. Wochokera ku Nsanje amene anagwidwa ali paulendo sangathamange motero mumzinda wachilendo.

Koma fayilo sinena zonse. Funsani msilikali amene anagona pashifiti ya usiku, funsani wachipatala, ndipo mwanzeru mufunseninso nyapala wa selo yake, mkaidi woyang'anira anzake. Iwo ndi amene amadziwa kuti dzulo analandira uthenga wa maliro a mayi ake, kapena anamva kuti mkazi wake wakwatiwa kwina. Munthu wotere ngakhale anali wofatsa ngati nkhosa, lero ndi wina. Safunsa anadya phula.

Za matenda nazo mudziwiretu. Ngati amagwa khunyu, ali ndi shuga, ali ndi TB kapena amamwa ma ARV, mankhwala ake ayende nanu paulendo wautali, ndipo wa chifuwa chachikulu avale masiki, mazenera a galimoto akhale otsekula pang'ono. Ngati samva bwino Chichewa, m'gulu lanu mukhale wodziwa Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde malinga ndi kwawo. Lamulo limene munthu sanalimve, simunganene kuti walikana.

Tsiku la ulendo likhale chinsinsi, makamaka ulendo wosamutsa. Mkaidi adziwe m'mawa womwewo. Tsiku la khoti n'lovuta kubisa chifukwa linalengezedwa pagulu, choncho bisani nthawi yonyamukira ndi njira. Inunso musakambe za ulendowu kunyumba kapena pa WhatsApp.

Gawanani ntchito musananyamuke

Msilikali mmodzi asaperekeze mkaidi yekha. Ndikudziwa kuti antchito ndi ochepa, ndipo tsiku lina mudzauzidwa kuti "ingopitani naye, ndi pafupi pompa." Nenani mwaulemu kuti, "Bwana, ndikupempha mnzanga mmodzi," ndipo zikakanika, zilembedwe m'buku kuti munapempha. Munthu mmodzi sangathe kugwira mkaidi, kulankhula ndi kalaliki, kunyamula fayilo n'kupitanso kukataya madzi.

Pakhale mtsogoleri mmodzi wodziwika. Iye ndiye asunge mapepala ndi makiyi a unyolo, iye ndiye alankhule ndi akuluakulu pafoni, ndipo foniyo ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Wonyamula mfuti asayandikane ndi mkaidi. Ayende kumbuyo, mapazi angapo, pamene dzanja la mkaidi silingafike. Woyenda phewa ndi phewa ndi mkaidi asakhale ndi mfuti konse.

Mkaidi wamkazi aperekezedwe ndi msilikali wamkazi. Amuna atha kukhalapo ngati dalaivala kapena othandiza, koma kusecha, kulowa naye kwa dokotala ndi kuchimbudzi ndi ntchito ya mkazi mnzake.

Chipikisheni ndi unyolo

Musecheni pamalo obisika, osati pamaso pa anzake. Yambani kumutu kutsikira kumapazi: tsitsi, kolala, m'khwapa, mpendero wa kabudula, pansi pa patapata. Chimene mukufuna nthawi zambiri si mpeni. Ndi kalezala kothyola, kamsomali, kawaya kotsekulira unyolo, ndalama yopinda kapena kakalata kopita kwa wina kunja. Mukamaliza, asabwererenso m'selo "kukatenga juzi". Juziyo akatenge msilikali, ndipo nayonso isechedwe. Mwezi wa Juni ndi Julaye ku Mzuzu kumazizira zedi, ndiye musamutulutse munthu ndi malaya okha chifukwa cha ulesi wosecha juzi.

Galimoto nayo isecheni. Pansi pa mipando, kuseri kwa tayala lapadera. Jeke, sipanala ndi chingwe zitsekeredwe kutali ndi pamene akhale akaidi.

Unyolo si chilango. Malamulo a Nelson Mandela okhudza kasamalidwe ka akaidi, amene bungwe la United Nations linavomereza m'chaka cha 2015, amalola kumanga mkaidi paulendo pofuna kupewa kuthawa, koma lamulo 47 likuti unyolowo uchotsedwe akamaonekera pamaso pa woweruza. Lamulo 48 likuletseratu kumanga mayi amene matenda a uchembere ayamba, amene akubereka kapena wangobereka kumene. Pomanga, siyani mpata woti nsonga ya chala chanu ilowe pakati pa chitsulo ndi mkono, kenako mukhome loko wachiwiri kuti unyolo usapitirire kufinya galimoto ikamagunda mabampu. Paulendo wautali muziyang'ana manja ake. Akayamba kutupa kapena kuchita dzanzi, masulani pang'ono, wina atamugwira. Ndipo musamangirire munthu kuchitsulo cha galimoto. Ikagubuduzika kapena kuyaka, mudzalephera kumutulutsa.

Pamsewu

Mkaidi akwere msilikali mmodzi ali kale m'kati. Akhale pakati, kutali ndi chitseko, ndipo asakhale kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Ikakhala lole kapena galimoto yotseguka kumbuyo, akaidi akhale pansi, osati pamphepete, asilikali akhale kumakona makamaka kumbuyo kotsikira. Lamulo 73 la malamulo omwe aja likuti mkaidi asaonetsedwe kugulu kuposa mmene zikufunikira, atetezedwe kuchipongwe, ndipo asanyamulidwe m'galimoto yopanda mpweya ndi kuwala kokwanira. Likutinso ndalama ya ulendo ndi ya ndende. Choncho musalandire ndalama ya mafuta kwa mkaidi kapena abale ake. Wakupatsani mafuta mawa adzakuuzani pokhotera.

Mafuta muthire musananyamule mkaidi. Masiku a mizere pamafilingi siteshoni, kuima ola lathunthu ndi akaidi pakati pa akabaza ndi mavenda n'kudziputira tsoka. Matola ayi, ngakhale wokuimitsaniyo ndi mlamu wanu. Kuima pamsika kuti dalaivala agule nthochi, ayi.

Malo oopsa ndi paliponse pamene galimoto yachepetsa liwiro: paraundabauti, pamabampu, pafupi ndi depoti ndi msika waukulu pamene anthu amadzaza msewu. Pamenepo maso onse akhale pa akaidi, osati panja.

Maulendo atali ali ndi zawo. Wopita kundende ya Maula ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300, adutsa m'nkhalango ya Chikangawa mmene nkhungu imatha kutseka msewu wa M1 mpaka dalaivala kumayenda ngati wapansi, ndipo malo ena netiweki imasowa. Mitengo ili m'mbali mwa msewu momwemo. Wodumpha pamenepo mphindi imodzi sakuonekanso. Wopita ku Karonga atsika mapiri a Chiweta okhotakhota, wopita ku Nkhata Bay naye ndi chitsikireni. Nyamukani m'mawa kuti mdima usakupezeni panjira, ndipo imbirani kumene mukupita adziwe nthawi yokuyembekezerani. Malo opumira mukonzeretu, akhale papolisi kapena pandende ina. Chakudya ndi madzi a akaidi munyamule kuchokera kundende.

Galimoto ikawonongeka, akaidi asatsike pokhapokha ngati kukhalamo kuli koopsa. Asilikali azungulire, mtsogoleri aimbe foni. Musawauze akaidi kuti atsike akankhe. Zimaoneka zanzeru mvula yamawawa ikugwa ndipo aliyense akufuna kufika, koma wokankha galimoto ali kumbuyo kwanu, manja ali omasuka.

Kukhoti

Fikani msanga, khamu lisanadzaze. Mmodzi atsike ayambe waona njira, selo ya pakhoti, zitseko za chipinda chozengera milandu ndi mazenera ake. M'khoti, unyolo ukachotsedwa, wina aime pafupi ndi bokosi la woimbidwa mlandu, wina pakhomo. Loya akafuna kulankhula ndi munthu wake, ndi ufulu wake: imani poti mukuwaona koma simukumva.

Nthawi yovuta ndi pamene chigamulo chaperekedwa. Munthu amene amayembekezera kupita kwawo wamva zaka 14, abale akulira, mbali ya odandaula ikukuwa. Musadikire kuti phokoso lithe. Mubwezereni unyolo woweruza akangotuluka, mupite naye kuselo. Akapatsidwa belo kapena akapezeka wosalakwa, musamumasule pakhonde chifukwa abale akuimba nthungululu. Dikirani chikalata cha khoti, ndipo muonetsetse kuti alibe waranti ina yomusunga.

Kuchipatala

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kuchipatala ndi kumene msilikali amatopa n'kuiwala. Gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko lino likuti womangidwa ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala boma likulipira. Choncho kumuperekeza kuchipatala si kumukomera mtima, ndipo si inu woweruza ngati akudwaladi kapena akunamizira. Zimenezo asiyireni achipatala. Inu konzekerani zonse ziwiri.

Chipatala chachikulu ngati Mzuzu Central chimalandira odwala ochokera m'maboma onse a kumpoto, ndiye makonde amakhala odzaza, zitseko n'zambiri, ndipo mzere ukhoza kukudyerani tsiku. Mukafika, mmodzi akaonane ndi namwino wamkulu kupempha kuti muthandizidwe msanga kapena mudikire pambali. Khalani pakona, mkaidi kukhoma, inu kunjira. Muphimbeni manja ndi juzi kapena chitenje kuti asakhale choonerera cha ana.

Kwa dokotala, yambani mwalowa nokha, muone zenera ndi chitseko chachiwiri, ndipo mupemphe kuti sizasi ndi majakisoni zisunthidwe patebulo. Wodwala ali ndi ufulu wolankhula ndi dokotala mwachinsinsi, ndiye imani pakhomo poti diso likufika. Dokotala akapempha kuti unyolo uchotsedwe, monga pojambula ekiselo, chotsani, mnzanu atatseka njira yotulukira. Zimene mwamva mwangozi za matenda ake zithere momwemo.

Tsopano chimbudzi. Ndili wachinyamata pantchito ndinaperekeza bambo wina wachikulire kuchipatala china. Anali wotsegula m'mimba, akuyenda chowerama. Tili pamzere anati, "Bwana, ndithandizeni, zandivuta." Mnzanga anali atapita kukatenga mankhwala. Ndinamumasula dzanja limodzi, ndinati, "Lowani madala, fulumirani," ine n'kuima panja. Ndinamva madzi akutuluka pampopi, mtima unakhala pansi. Madziwo anapitirira kutuluka. Nditakankha chitseko ndinapeza magalasi atatu a zenera la maluvala atasanjidwa bwinobwino pansi, patapata mmodzi ali pambali pake. Mwayi wanga unali woti kudwalako kunali kwenikweni. Tinawapeza atakhala pansi kuseri kwa mpanda wa maluwa, mpweya utawathera. Anangoti, "Pepani bwana, ndimafuna ndikaone ana." Lipoti ndinalemba ndi dzanja lonjenjemera.

Kuchokera tsiku limenelo ndimachita motere, ndipo inunso muzichita: dikirani mnzanu abwere. Lowani m'chimbudzimo nokha poyamba, muone zenera, denga ndi chilichonse chosiyidwamo. Sankhani inu chipinda choti alowe, osati chimene iye waloza. Chitseko chisakhomedwe, chikhale chotsekuka pang'ono phazi lanu lili pamenepo, nkhope mutayang'ana kumbali kuti munthu asachite manyazi. Ngati pali zenera, mnzanu akaime kunja kwake. Muzimulankhulitsa. Wosiya kuyankha ndiye kuti wakomoka kapena wapita, ndipo zonsezo zikufuna kuti mulowe.

Akagonekedwa m'wodi, dziwitsani kundende nthawi yomweyo kuti akonze mashifiti. Pemphani bedi lakutali ndi khomo ndi zenera. Podzalandirana, wobwerayo aone nkhope ya mkaidi, osati bulangete lotukumuka, ndipo nonse musayine. Usiku wa m'wodi ndi wautali, mpando ndi wolimba, tulo timabwera cha m'ma 3 koloko. Imirirani, yendani pang'ono pafupi ndi bedi, sukusulani. Foni ikhale m'thumba.

Abale

Awa ndi amene amagonjetsa asilikali ambiri, chifukwa sabwera ndi nkhondo. Amabwera mayi wokalamba ndi kontena ya nsima ndi usipa, n'kugwada: "Adada, mwana wanga adyeko pang'ono." Tinaleredwa kuti wamkulu sakanizidwa, ndipo anthu ozungulira akukuyang'anani ngati munthu wopanda umunthu. Musakalipe. Yankhani kuti, "Amayi, dzukani. Lamulo silindilola kulandira chakudya panjira. Bwerani nacho kundende nthawi yoona akaidi, mukamuona bwinobwino." Moni wapakamwa atha kupatsana muli pomwepo. Kukumbatirana, kupatsana ndalama, kumubwereka foni kapena kupita naye kuseri "tikambe za pabanja" ayi.

Inunso musalandire kanthu, ngakhale botolo la fanta. Simudziwa chimene chathiridwamo, ndipo ngakhale mulibe kanthu, mwagulidwa motchipa. Tsoka silinunkha.

Ntchito zakunja

Gulu lopita kuntchito zakunja, monga kumunda kapena kukatema nkhuni, lamulo lake lalikulu ndi kuwerenga. Werengani potuluka, pofika, pakati pa ntchito mobwerezabwereza, ndi ponyamuka. Makasu ndi zikwanje muwerengenso. Imani pamtunda poti mukuona onse, ndipo chimanga chikatalika musawalole kumwazikana m'mizere.

Zikavuta

Wina akathawa, choyamba si kuthamanga. Choyamba ndi otsalawo: akhale pansi, wina awayang'anire. Asilikali onse akathamangira mmodzi, pobwerera apeza atatu palibe. Imbani wenzulo, kuwani kuti anthu amve, mtsogoleri aimbire kundende ndi kupolisi, anene dzina, zovala, kumene walowera ndi nthawi. Musachedwetse lipoti poganiza kuti mumupeza nokha nkhani isanamveke. Ola limene mwabisalo ndi limene iye akwerera minibasi.

Mfuti m'tauni, pachipatala kapena pamsika ingapweteke mwana wa sukulu amene sakudziwa kanthu. Mphamvu imene lamulo limalola ndi yokhayo yofunika kuti munthu agwidwe, ndipo iyenera kulembedwa mulipoti nthawi yomweyo. Mukamugwira, nkhani yatha. Musamumenye pobwezera thukuta lanu, ndipo mumutchinjirize kwa anthu ofuna kumuchita chiweruzo cham'manja. Kuthawa m'manja mwa boma ndi mlandu paokha, akauyankha kukhoti.

Pobwerera

Ulendo sunathe mpaka geti litatsekeka kumbuyo kwanu. Mamita otsiriza amenewo, pamene galimoto yaima kudikira kuti atsekule ndipo aliyense wayamba kuganiza za kunyumba, ndi pamene mkaidi amadziwa kuti mwayi wake ukutha. Atsike geti litatsekedwa.

Musecheninso ngati mmene munachitira m'mawa, musechenso galimoto. Perekani mapepala a khoti ku ofesi tsiku lomwelo, makamaka tsiku lodzabwereranso, chifukwa pepala loiwalika m'thumba la yunifolomu limatha kumugoneka munthu pa rimandi miyezi yowonjezera. Mankhwala ndi malangizo a dokotala apite kwa wachipatala wa pandende. Wobwera ndi chigamulo cholemera, auzeni a shifiti ya usiku kuti amuyang'anitsitse. Lembani chilichonse chachilendo chimene chachitika, ngakhale galimoto imene inakutsatirani kuchokera ku Katoto n'kukhota mutayandikira. Sayinani m'buku, bwezani unyolo, makiyi ndi mfuti, zipolopolo ziwerengedwe.

Ndipo m'mawa musananyamuke muziwauza a kukhitchini kuti amusungire phoso lake. M'ndende zathu chakudya nthawi zambiri chimakhala kamodzi patsiku, ndiye wobwera kukhoti 5 koloko madzulo akapeza miphika yatsukidwa, adzadyanso mawa.